Makina a Mumlengalenga Aona Pomwe Nthaka Inang'ambika

Cibvomezi cikadza, anthu a ku Kabwata ndi Chelstone amangoona mazenera alikunjenjemera, koma a Geological Survey mu Lusaka amafuna kudziwa pomwe thanthwe lang'ambika.

Mu December 2009 zibvomezi zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga, m'dziko la Malawi. Setilaiti ya ku Japan, ALOS, inali kujambula dzikolo ndi mafunde a rada amene apyola ngakhale mitambo ya dzinja. Polinganiza zithunzi zakale ndi za pambuyo pace, akatswiri anaona pomwe nthaka inatsika. Codabwitsa ncakuti mng'alu waukulu wa Livingstone, kutsidya kwa nyanja, sindiwo unagwedezeka ai, koma waung'ono wa pafupi ndi tauniyo.

Naco cigwa ca Luangwa ciri ndi ming'alu yace.