Musanaike matayala otambalala, yambani mwayeza limu

Pakhomo pambiri m'matauni mwathu pali galimoto yochokera ku Japan yomwe idapangidwira liwiro: Toyota Altezza, Mark X, Subaru Legacy. Ngati pakhomo panu ilipo, tsiku lina mudzamva mwana wanu kapena mlamu wanu akunena kuti matayala ake ndi owonda, pakufunika otambalala kuti galimoto ikongole komanso izigwira msewu. Malimu atsopano ndi odula, choncho ambiri amasiya malimu omwe galimoto idabwera nawo n'kuvekapo tayala lokulirapo. Koma galimoto yomweyo ndi imene imaperekeza ana kusukulu m'mawa, ndiponso ndi imene anansi amadzagogodera pakati pa usiku mayi woyembekezera nthawi yake yochira ikakwana. Bungwe la WHO limati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo ndizo zili patsogolo kupha ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29. Nkhani ya tayala si ya anyamata okonda galimoto okha ayi.

Njutani pafupi ndi tayala muwerenge zomwe zalembedwa m'mbali mwake. Titenge chitsanzo cha Altezza, yomwe Toyota idapanga kuyambira 1998 mpaka 2005. Zambiri za malimu a mainchi 17 zidatuluka m'fakitale ndi tayala lolembedwa kuti 215/45R17. Nambala ya 215 ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita, kuchokera khoma lina kufika khoma linzake. Nambala ya 45 ikutanthauza kuti kutalika kwa khomalo ndi 45 peresenti ya mulifupi uja, omwe ndi mamilimita pafupifupi 97. Ndipo 17 ndi kukula kwa limu m'mainchi.

Pali nambala ina yomwe anthu ambiri saidziwa chifukwa siili pa tayala. Ili pa limu, kawirikawiri kuseri kwake, ndipo pa Altezza yathuyi mupeza 17x7JJ. Nambala ya 7 ndi mulifupi mwa limu: mainchi 7, kapena kuti mamilimita 178. Nambala imeneyi ndiyo mwini nkhani, chifukwa ndiyo imagamula kuti tayala lingatambalale mpaka pati.

Mabungwe a opanga matayala, monga JATMA ku Japan ndi ETRTO ku Ulaya, adakhazikitsa malire a limu pa saizi iliyonse ya tayala. Tayala la 215/45R17 limafuna limu ya mainchi 7 mpaka 8. La 225/45R17 limaloledwa pa limu ya mainchi 7 mpaka 8.5, choncho pa Altezza likhoza kukhala. Koma la 235/45R17 limayambira pa mainchi 7.5, ndipo la 245/40R17, lomwe anyamata amalikonda chifukwa limaoneka laukali, limayambira pa mainchi 8. Apa muone kuti pa limu ya m'fakitale mpata ulipo wokwera sitepe imodzi yokha. Kupitirira pamenepo ndi kukakamiza, ngakhale woveka matayala akuuzeni kuti "lalowa bwinobwino, bwana." Kulowa limalowadi, poti labala amapindika. Zomwe zimachitika likalowa ndi zimene sizioneka galimoto itaima.

Tayala lotambalala likavekedwa pa limu yopapatiza, makoma ake amakokeredwa mkati ndipo tayala limatupa m'mbali ngati chitumbuwa. Pakati pake pamatukuka, m'mphepete mumanyamuka pang'ono, moti labala yemwe mwalipira ndalama zambiri sakhudza msewu mofanana, ndipo pakati pamatha msanga. Mulifupi mwenimweni mumachepanso. Limu ikachepa ndi theka la inchi, tayala limabwerera ndi mamilimita pafupifupi 5. Tayala la 235 amaliyezera pa limu ya mainchi 8, ndiye pa limu ya mainchi 7 limakhala ngati la 225. Mwagula 235 koma mwalandira 225 yopunduka.

Choopsa kwambiri chili pokhota. Makoma otupa aja sakhala chilili pamwamba pa limu. Mukapotoza chiwongolero, limu imayamba yasunthira m'mbali mkati mwa tayala, kenako tayala n'kumatsatira pambuyo. Kuchedwako ndi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, koma mwana akadumphira mumsewu kapena wa kabaza akakhota mosayembekezereka, ndi nthawi yomweyo imene mumaifuna. Makoma opindikapindika amatenthanso paulendo wautali, ndipo kutentha ndi mdani wamkulu wa tayala. Mkombero wa tayala, womwe umamatirira ku limu kuti mpweya usatuluke, nawo umakhala mokhota kusiyana ndi momwe adaupangira.

Mwina mufunsa kuti, nanga tayala lotambalala si ndiye likhudza msewu malo aakulu? Apa ndi pomwe sayansi imadabwitsa ambiri. Chimene chimanyamula galimoto ndi mpweya wa m'tayala. Galimoto yolemera makilogalamu 1,400 imasenzetsa tayala lililonse makilogalamu pafupifupi 350. Mpweya ukakhala pa 2.3 bar, malo omwe tayala limakhudza msewu amakhala ngati masentimita 15 m'litali ndi 10 m'lifupi, kukula kwa chikhatho cha munthu wamkulu. Banja lonse limayenda pa zikhatho zinayi zimenezi. Mukaika tayala lotambalala, katundu ali yemweyo, mpweya uli womwewo, kukula kwa chikhathocho sikusintha kwenikweni. Chimangosintha maonekedwe: chimatambalala m'mbali n'kufupika kutsogolo ndi kumbuyo. Pa phula wouma komanso wosalala zimenezi zimathandizadi pokhota mothamanga, n'chifukwa chake galimoto za mpikisano zili ndi matayala otambalala. Koma zija zimakhalanso ndi malimu otambalala, ndipo sizidutsa m'maenje athuwa.

Mvula ikayamba mu Novembala, ubwino uja umatembenuka. Tengani mbale muikankhe m'beseni la madzi. Mukaitsogoza ndi m'mphepete imadula madzi mosavuta, koma mukaitsogoza chafufumimba madzi amakana. Tayala nalo liyenera kuchotsa madzi onse omwe ali patsogolo pake lisanakhudze phula, ndipo ntchitoyi imagwiridwa ndi tingalande ta pa tayala. Likatambalala, madzi ofunika kuchotsa amachuluka, ndipo mtunda woti madziwo ayende kuchokera pakati kukatulukira m'mbali umatalika. Liwiro likakwera, imafika nthawi yomwe madzi amalephera kuthawa, n'kulowa pansi pa tayala n'kulinyamula. Pamenepo galimoto ikuyandama. Chiwongolero chimapepuka, mabuleki sagwira, ndipo woyendetsa amasanduka wokwera ngati ana ali kumbuyowo.

Akatswiri a NASA ku America adafufuza zimenezi pa matayala a ndege mu 1963, ndipo adapeza kuti madzi akakhala akuya kuposa tingalande ta tayala, liwiro lomwe kuyandama kumayambira limadalira kwambiri mpweya. Powerengera ndi njira yawo, tayala la 32 psi limayandama pa makilomita pafupifupi 94 pa ola, pomwe la 24 psi limayandama pa 82. Izi ndi zofunika chifukwa ena akaona kuti tayala lokakamiza lija likutha pakati, amaphwetsako mpweya kuti likhale pansi bwino. Potero amakonza vuto laling'ono n'kuitana lalikulu. Zikakuchitikirani, chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero mowongoka, ndipo musaponde buleki mwadzidzidzi mpaka mutamva kuti matayala agwiranso pansi.

Palinso kutalika kwa tayala. Popeza 45 ija ndi peresenti ya mulifupi, tayala likatambalala limatalikanso. La 215/45R17 ndi lalitali mamilimita 625, la 225/45R17 ndi 634, la 235/45R17 ndi 643. Wotchi ya liwiro imawerenga kuzungulira kwa tayala, ndiye ikamati 100 pa tayala la 235, inu muli pafupi ndi 103 poyerekeza ndi kale. Zimenezo ndi zazing'ono. Chachikulu ndi mpata wa pakati pa tayala ndi madigadi kapena shoko. Pa galaji galimoto ili yopanda kanthu, tayala limazungulira osakhudza paliponse. Ikadzaza anthu asanu ndi matumba awiri a chimanga kuchokera kumudzi, n'kugwera m'dzenje, tayala limakhula chitsulo, ndipo khoma la tayala likachekeka silimatidwa. Matayala otambalala amakondanso kutsatira mikwasa yomwe malole olemera amasiya pa phula, moti galimoto imakokera uku ndi uku, ndipo mafuta amathanso msanga pang'ono.

Ngati mwaganizabe zokwera sitepe imodzi ija, sinthani matayala awiriawiri, kapena onse anayi. Osaika saizi zosiyana kumanzere ndi kumanja. Mabuleki a ABS amayerekeza kuzungulira kwa matayala onse kuti adziwe lomwe likutsetsereka, ndipo pa galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, monga Subaru Legacy zambiri, matayala osiyana kutalika amaononga zitsulo zodula zomwe zimagawa mphamvu ya injini.

Tinene zoona, ambiri mwa matayala otambalalawa amagulidwa pa kaunjika, poti atsopano a saizi zimenezi mtengo wake ndi woboola m'thumba. Pamenepo werengani zinthu zina zitatu. Pambuyo pa saizi pamakhala nambala ndi chilembo, monga 87W. Nambala ya 87 ikutanthauza kuti tayala linganyamule makilogalamu 545, ya 91 ndi makilogalamu 615. Musatsike pansi pa nambala yomwe galimoto idabwera nayo. Kenako funani manambala anayi omwe ali kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Akakhala 2319, tayala lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Opanga matayala monga Michelin amalangiza kuti tayala la zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino, chifukwa labala amauma n'kung'aluka mkati. Ndipo mukaona mawu oti STUDLESS, kapena chithunzi cha phiri chokhala ndi kanyenyezi ka chipale mkati, dziwani kuti limenelo ndi tayala la m'nyengo yozizira ku Japan. Labala wake ndi wofewa, ndipo pa phula wotentha wa mu Okutobala limatha msanga komanso limachedwa kuimitsa galimoto.

Mkati mwa tingalande muli timizere totukuka tomwe timaonetsa kutha kwa tayala. Pamwamba pa tayala pakalingana ndi timizereto, patsala mamilimita 1.6 okha, ndipo pa msewu wamadzi tayala lotere limakhala litafooka kale lisanafike pamenepo.

Saizi ndi mpweya zomwe opanga galimoto adavomereza zalembedwa pa kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Ngakhale mawu ake ali m'Chijapani, manambala mutha kuwawerenga. Jambulani kapepalako pa foni musanapite kogula matayala, ndipo muuze woveka akuonetseni nambala ya kuseri kwa limu tayala lakale likangochoka. Akamaliza kuveka, kwezani anthu kumbuyo, potozani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, mulowetse dzanja kuseri kwa tayala mumve ngati zala zikudutsa.