Chigoba sichinama: kumene odzaza zipolopolo amalakwitsa

Mlenje akaphonya nswala, kapena mfuti ikamukanira m'tchire, mlandu umayamba kugwera mfutiyo, kenako mphepo. Koma alenje a kuno ku South Africa amene amadzaza okha zipolopolo akandifunsa nzeru, ndisanagwire n'komwe mfuti ndimapempha zigoba zimene zatsala atawombera. Chigoba chopanda kanthu chimasunga zonse zimene zinachitika m'kati mwa mfuti, ndipo wodziwa kuchiyang'ana amaligwira vuto lisanamuvulaze.

Chimene tonse timangoti chipolopolo chili ndi zinthu zinayi. Pali chigoba cha mkuwa wosakaniza ndi zinki, pali primer, kachitsulo kakumbuyo kamene kamatulutsa moto kakamenyedwa, pali onga, ndiye pali mutu umene umauluka kukalasa nyama. Zitatuzo zimatha ndi kuwomba kumodzi, koma chigoba chimatsala. Wodzaza amachibwezera mu msinkhu wake ndi chida chotchedwa die, n'kuikamo primer ina, onga woyezedwa pa sikelo ndi mutu watsopano. Lamulo la mfuti la dziko lino la mu 2000 limalola munthu wa laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake, ndipo kwa mlenje wamba limaika malire a ma primer 2,400 pa mfuti iliyonse. Maiko ena ali ndi malamulo awo, ndipo wopanda chilolezo ntchitoyi asaiyandikire.

Amene anakulira kumudzi komwe kunali mfuti za gogodela amakumbukira onga wakuda umene akuluakulu ankangouyeza ndi maso. Onga wa lero si umenewo. Timauyeza kulemera kwake mu ma grain, ndipo gramu imodzi ili ndi ma grain 15 ndi kanthu pang'ono. Mu .308 Winchester, imodzi mwa mfuti zofala kwambiri pakati pa alenje, muyezo wa CIP wa ku Ulaya umalola mphamvu ya mpweya wotentha kufika pa ma bar 4,150. Tayala la galimoto limapopedwa ma bar awiri ndi theka kapena kucheperapo. Chimene chimatchinga mphamvu yonseyo kuti isabwerere kumaso kwa wowombera ndi chigoba chija pamodzi ndi bolt yotsekera kumbuyo. Ndipo munthu akayandikira malire, kuonjezera onga pang'ono chabe kumakweza mphamvu kwambiri.

Tembenuzani chigoba muone kumbuyo kwake. Primer ya chipolopolo chodzazidwa bwino imakhalabe yobulungira m'mbali, ndipo pakati pa iyo ndi chigoba pamaoneka kamzere. Ikaphwatalala mpaka kamzereko kuzimirira, yambani kukayika. Yang'ananinso pa zilembo zosindikizidwa. Mukaonapo kadontho kowala ngati pakwechedwa, ndiye kuti mkuwa unakankhidwa mpaka kulowa m'kabowo ka pa nkhope ya bolt, ndipo potsegula unametedwa. Bolt imene ikufuna kumenyedwa ndi chikhatho kuti itseguke ikunena zomwezo. Chimodzimodzinso chigoba chimene primer yatsopano ikungolowamo fwaa osalimba: bowo lake lakula, chitayeni. Primer yophwatalala payokha imatha kunamiza, chifukwa ina ndi yofewa kale, koma zizindikiro zinazi zikaoneka mwadumpha kale malire. N'chifukwa chake ndimadalira chipangizo choyezera liwiro. Mutu ukamathamanga kuposa mmene buku la opanga onga lanenera, liwirolo silinabwere laulere.

Ambiri amene ndimawaonetsa zizindikirozi amalumbira kuti anatsata buku, ndipo nthawi zambiri amanena zoona. Onga anayeza bwino, koma china chake chinasintha. Chigoba chimatalika pang'onopang'ono pakuwombedwa ndi kufinyidwa mu die. Cha .308 sichiyenera kupitirira mamilimita 51.18, ndipo chikapitirira, kamwa lake limakakanikizika pa khomo la mpope wa mfuti n'kumanga mutu kuti usachoke msanga. Mankhwala ake ndi kuyeza ndi kudula. Mutu woikidwa motulukira kwambiri, mpaka kukhudza mizere ya m'kati mwa mpope, nawonso umakweza mphamvu. Zigoba za asilikali zimakhala zochindikala, malo a onga n'kuchepa. Mutu wa mkuwa wokhawokha ndi wautali kuposa wa mtovu wolemera mofanana, choncho umafuna muyezo wakewake. Ngakhale chitini chatsopano cha onga wa dzina lomwelo chimatha kusiyana pang'ono ndi chakale. Chilichonse mwa izi chikasintha, bwererani pa muyezo woyambira wa m'buku ndi kukwera pang'onopang'ono.

Chimene chimapusitsa alenje ambiri ndi kutentha. Munthu amayesa zipolopolo zake m'mawa wozizira wa mu June ku Johannesburg, zonse zili bwino, kenako amapita nazo ku Musina, n'kuzisiya padzuwa kutsogolo kwa galimoto masana onse. Onga wotentha umapsa mofulumira, ndipo muyezo umene unali pa malire tsopano wadumpha. Nkhaniyi si yatsopano. Opanga mfuti a ku London, potulutsa .416 Rigby mu 1911 ndi .375 H&H mu 1912, anali ndi onga wotchedwa cordite umene sunkagwirizana ndi dzuwa la ku Africa ndi ku India. Rigby anapatsa chigoba chake malo ambiri kuti mphamvu ikhale yotsika, pomwe Holland & Holland anachipanga chowonda chakutsogolo kuti chizituluka mosavuta. Iwo ankadziwa kuti pamaso pa njati, bolt yokana kutseguka ndi imfa.

Pali chilema china chimene chimabisala. Die ikatsitsidwa kwambiri, imakankhira phewa la chigoba m'mbuyo mopitirira, ndipo chigobacho chimagwedera m'malo ake. Powombera chimatambasuka kuti chidzaze malowo, n'kumapyapyala pamwamba pang'ono pa tsinde. Kunja kumaoneka kamzere kowala kozungulira. Wongolani kawaya kopanira mapepala, pindani nsonga yake, lowetsani m'chigoba ndi kukanda khoma kuchokera pansi. Nsonga ikakola pa kangalande, chigobacho chatsala pang'ono kuduka pakati. Chikadukira m'mfuti, bolt imatuluka ndi tsinde lokha, chotsalacho chakanirira m'kati, ulenje wathera pomwepo, ndipo mpweya wotentha umatha kubwerera kumaso. Zigoba zonse za gulu limenelo zitayeni, kenako konzani die kuti izikankha phewa pang'ono chabe.

Zolakwa ziwiri zoopsa kwambiri sizichokera ku umbuli koma ku kusokonezedwa. Choyamba ndi chigoba chimene chadumphidwa osathiramo onga. Primer payokha ili ndi mphamvu yokankhira mutu mu mpope n'kuusiya momwemo. Wowombera amamva kaphokoso kochepa, mfuti osagunda paphewa, ndipo akathamangira kuika china n'kuwomba, mpope umatupa kapena kung'ambika. Mukamva kulira kwachilendo, chotsani bolt musuzumire mu mpope. Chachiwiri ndi kusokoneza onga. Wa mfuti zazifupi, monga MP200 wa kampani ya Somchem, umapsa mofulumira kwambiri kuposa S335 kapena S365 wa mfuti zazitali, ndipo ukathiridwa m'chigoba chachikulu mfuti imasweka. Ine pa tebulo panga pamakhala chitini chimodzi chokha, foni imakhala kutali, ndipo ndisanaike mitu ndimawalitsa tochi m'zigoba zonse kuona ngati onga wafika pofanana.

Chipolopolo chikakana kulira, musatsegule msanga. Lozetsani mfuti komwe kulibe munthu mudikire masekondi 30, chifukwa china chimachedwa kuyaka. Kawirikawiri gwero lake ndi primer imene sinafike pansi pa bowo lake, kapena imene inakhudzana ndi mafuta.

Owombera mipikisano ena amafinya khosi lokha la chigoba, ndipo amaika mutu pafupi kwambiri ndi mizere ya mu mpope pofuna kulasa pamodzimodzi. Mlenje asatengere zimenezo. M'tchire muli fumbi, ndipo chigoba chothina chimakana kulowa nthawi imene ngoma yovulala ikuthawa. Mutu wokanirira m'mizere umatsalira momwemo mukatulutsa chipolopolo chosawomba, onga n'kukhutukira m'mfuti. Zipolopolo za ulenje finyani chigoba chonse, ndipo musananyamuke lowetsani chilichonse m'mfuti n'kuchitulutsa, muli pa malo owombererapo, mfuti italoza kotetezeka.

Zipolopolo zikamamwazikana pa pepala, yambani mwalimbitsa zomangira galasi lopenyera ndi za mfuti yeniyeniyo. Mabowo akakhala aataliatali m'malo mozungulira, mutu ukufika chammbali chifukwa ndi wautali kuposa mmene mizere ya mpopewo ingauzungulitsire, zimene zimaoneka kawirikawiri mu .243 Winchester yokhala ndi mitu yolemera. Kenako sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, n'kulemba m'kope onga, primer, mutu, utali ndi nyengo ya tsikulo. Wosintha zitatu nthawi imodzi sadziwa chimene chachiza kapena chimene chaononga. Kumbukiraninso kuti mutu wa mpikisano, ngakhale ulase bwino pa pepala, umatha kuphwanyikira pa fupa la phewa n'kusiya nyama ikuvutika.

Zipolopolo zodzazidwa ndi munthu wina sindiwombera, ngakhale akhale mnzanga wapamtima, chifukwa anaziyeza pa mfuti yake osati yanga. Ndipo chida chimene ndimauza aliyense woyamba kuti agule msanga ndi chozulira mitu. Chipolopolo chilichonse chimene mukuchikayikira, kaya mwaiwala onga umene munathira kaya bokosi lake lilibe chizindikiro, chiphwasuleni muyambirenso. Mutaya mphindi zochepa ndi onga wa pa sikelo imodzi, koma maso ndi zala mukhala nazobe.