Ufa woyera wophera utitiri: kodi ndi wabwino pakhomo?

Lero tikambirane za ufa woyera umene wayamba kupezeka m'masitolo a mankhwala a ziweto ndi m'misika ya kumalire. Pa Chipwitikizi amautchula kuti terra de diatomáceas. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti, kodi ufa umenewu tingathire m'khola la nkhuku? Nanga galu ndi mphaka sangafe nawo? Nanga ana?

Ufa umenewu ndi dothi lokumba pansi. Unapangika ndi zigoba za tinthu tating'onoting'ono tam'madzi timene tinafa kalekale n'kuunjikana pansi pa nyanja. Pa chala umamveka wosalala ngati ufa woyera wa nsima, koma kwa kachirombo ndi wokala. Utitiri kapena nthata ikayendapo, ufawo umakanda khungu lake ndi kuyamwa mafuta amene amasunga madzi m'thupi mwake. Kachiromboko kamauma mpaka kufa. Ndiye kuti supha ndi poizoni, ndipo supha pompo. Pamatenga masiku. Ukanyowa sugwira ntchito, choncho m'dzinja, m'khola lodontha, mungotaya ndalama zanu.

Tsono poti mulibe poizoni, ena akuganiza kuti ungamwazidwe mmene munthu wafunira. Apa ndi pamene pali nkhani yanga.

Choyamba, ufawu ulipo wa mitundu iwiri. Wina ndi wosawotcha, ndipo pa paketi pamalembedwa food grade kapena grau alimentar. Umenewu ndiwo woyenera pafupi ndi ziweto. Wina amauwotcha pa moto waukulu ku fakitale kuti ukhale wosefera madzi. Kuwotchako kumausandutsa fumbi loopsa la mtundu umene unawononga mapapo a agogo athu amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni. Fumbi lotere likalowa m'mapapo silituluka, ndipo matenda ake alibe mankhwala ochiza. Ndi maso simungasiyanitse mitundu iwiriyi.

Pali vuto linanso. Ufa woyera si umodzi. Mankhwala othira m'chimanga ophera anankafumbwe, monga Actellic, nawonso ndi oyera, koma iwo ndi poizoni. Chaka chatha azakhali anga anagula ufa womanga m'kapulasitiki kopanda dzina. Wogulitsayo anati ndi wa utitiri. Anathira m'chisa cha nkhuku imene inali itangoswa kumene, ndipo pofika mawa lake anapiye ambiri anali atafa. Mpaka lero m'kapulasitikimo sitinadziwe kuti munali chiyani. Chonde, ufa wopanda paketi yolembedwa musagule, ngakhale utatchipa bwanji. Ngati kuwerenga kumakuvutani, pitani ndi paketiyo kwa alangizi a ziweto akuwerengereni.

Ngakhale ufa wabwinowo ndi fumbi ndithu. Umatsokomoletsa, umayabwa m'maso, umaumitsa khungu. Munthu wa mphumu, wa chifuwa chachikulu, mayi woyembekezera ndi mwana asakhale wothira. Inu wothira mangani kansalu pamphuno ndi pakamwa, kapena valani masiki ngati muli nayo. Tulutsani nkhuku zonse, sesani khola, zinyalala zakale zam'zisa muwotche. Kenako thirani pang'ono pang'ono, dzanja lili pafupi ndi pansi, m'ming'alu ya khoma, pamitengo yogonapo ndi pansi pa udzu watsopano wam'zisa. Tizirombo tambiri masana timabisala m'ming'alumo, usiku n'kumayamwa magazi a nkhuku. Fumbi likakhazikika ndiye nkhuku zilowe. Nkhuku zili ndi chifuwa chosachedwa kuvutika, makamaka anapiye, ndiye musaziwaze kumutu.

Ndikudziwa kuti mabanja ena nkhuku zimagona m'nyumba kapena m'khitchini poopa akuba ndi afisi. M'chipinda chogona anthu musamwaze ufawu ayi. Ana amakwawa pansi, ndipo mukamasesa m'mawa fumbi lonse limabwerera m'mphuno mwanu.

Njira imene ine ndimaikonda ndi yosavuta. Nkhuku zimasamba zokha m'fumbi. Konzani malo ouma pansi pa nkhokwe, sakanizani mchenga ndi phulusa lozizira monga ankachitira makolo athu, muwonjezerepo ufawo pang'ono. Ngati mulibe ndalama, mchenga ndi phulusa zokha zimathandizanso.

Galu ndi mphaka thirani pamalo pamene amagona, chifukwa mazira a nthata amagwera pamenepo. Pathupi pawo ndi bwino kusathira. Mphaka amadzinyambita, ndipo galu akadzikutumula fumbi limafika kwa aliyense ali pafupi. Musathirenso pa maluwa a maungu kapena pafupi ndi ming'oma, chifukwa njuchi nazo zimafa.

Ena akuuzana kuti kuthira ufawu m'madeya kumapha njoka zam'mimba, ena mpaka akumwa okha m'madzi. Tanena kale kuti ukanyowa supha kanthu, nanga m'mimba mumauma? Njoka zam'mimba zili ndi mankhwala ake, a anthu kuchipatala, a ziweto kwa alangizi. Ufawu sutetezanso chitopa. Katemera wa chitopa ndi uja wodonthezera m'diso, wa m'miyezi ya Malichi, Julayi ndi Novembala, ndipo musadumphitse.

Ufa ukalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri, osatikita. Munthu akayamba kubanika kapena kutsokomola kosaleka, mutulutseni panja apume mpweya wabwino, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Paketi ija muitenge kuti anamwino aione. Wotsala sungani m'chitini chotseka, patali ndi ufa wa nsima, pamene ana safikira.