Mwana wanu akafuna kukaphunzira za mbewu ku Bunda

Mukayenda m'minda ya ku Mponela, Madisi, Malomo kapena m'mapiri a Ntchisi, mafunso a alimi amakhala amodzimodzi. N'chifukwa chiyani kaufiti sakutha m'munda mwanga? Mtedzawu wachita bwanji khate? Nanga ntchemberezandonda, zomwe zinatibwerera cha m'ma 2017, tizitani nazo? Amene amayankha mafunso otere anachita kuphunzira, ndipo ambiri mwa iwo anadutsa ku Bunda, kufupi ndi Mitundu. Ngati kwanu kuli mwana amene akulemba kapena walemba kale MSCE ndipo amakonda zakumunda, nkhaniyi ndi yanu.

Bunda poyamba inali nthambi ya yunivesite ya Malawi, koma kuyambira 2012 ili pansi pa yunivesite yoima payokha ya LUANAR, yomwe ilinso ndi koleji ya NRC kufupi ndi Likuni. Kumeneko kuli digiri ya zaka 4 ya kalimidwe ka mbewu, yomwe pa fomu imalembedwa kuti Agronomy, ina ya ndiwo zamasamba ndi zipatso yotchedwa Horticulture, ndi maphunziro ena okhudza nthaka ndi mbewu yobzala. Musaganize kuti mwana akungokaphunzira kugwira khasu. Akaphunzira, mwa zina, za chuku chomwe chimagwira mtedza ndi chimanga chosaumitsa bwino, chimene poizoni wake amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Apa ulimi ndi umoyo zimakumana.

Khomo lolowera ndi bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira m'mayunivesite a boma. Mwana amafunika makirediti 6 a MSCE, limodzi likhale la Chingerezi. Koma amene akufuna za mbewu asadalire mapointi okha: masamu, bayoloje ndi sayansi ya kemisitiri kapena fizikisi zimayang'anidwa kwambiri. Apa ndi pamene ana a sukulu za CDSS amapwetekeka, chifukwa ena amathawa maphunzirowa ali Fomu 3 poona kuti pasukulu palibe labotale. Kholo likadziwa izi mwana ali kale Fomu 4, madzi amakhala atafika m'khosi. Kambiranani ndi aphunzitsi nthawi ikadalipo.

NCHE ikalengeza, fomu imadzazidwa pa intaneti ndipo pamakhala ndalama yolipira. Mwana adzaze yekha, kapena akhale pomwepo pamene wina akumuthandiza. Si zachilendo kumva kuti wapakompyuta wa pamsika wamusankhira maphunziro amene mwiniwake sanawafune. Ayang'anenso zofunika pa digiri iliyonse asanaisankhe, osangotsata zomwe anzake akuthamangira. Ndipo wina akakuuzani kuti mumpatse kangachepe akupezereni malo ku yunivesite, ameneyo ndi wakuba.

Dzina likatuluka, kunyumba kumakhala nthungululu. Mawa lake nkhani imakhala ya ndalama.

Kuyambira 2015 boma lili ndi bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, la HESLGB, lomwe ambiri amangoti Loans Board. Ngongoleyi imatha kuthandiza pa fizi, mabuku ndi ndalama yodyera. Kusankhidwa ku yunivesite sikutanthauza kuti ngongole yabwera yokha. Imafunsiridwa payokha, pa nthawi yake, ndipo si onse amene amapatsidwa. Bungweli limafuna kukhutira kuti banja ndi losowadi. Choncho konzeranitu chiphaso cha unzika cha mwana ndi cha womulera, ndipo ngati ndi wamasiye, makalata otsimikizira imfa ya makolo. Makalata otere satuluka tsiku limodzi ku ofesi ya boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, makamaka ngati malirowo anachitika kalekale kumudzi popanda cholembedwa. Lembani zoona zokhazokha. Kumbukiraninso kuti iyi ndi ngongole, si mphatso: mwana akamaliza amayenera kubweza, ndipo zomwe wabwezazo ndi zomwe zimathandiza mng'ono wake wobwera m'mbuyo.

Chimene mabanja ambiri sawerengera ndi masabata oyambirira. Ndalama ya ngongole siifika tsiku lomwe mwana wafika pasukulu. Pamafunika thiransipoti, zofunda, chakudya, ndiponso lendi, poti malo ogona pasukulupo sakwanira onse ndipo ambiri amachita lendi m'nyumba zozungulira. Kuno kwathu ndalama imagwirika pa nyengo yogulitsa fodya, soya ndi mtedza, ndipo pofika nthawi yogula feteleza imakhala itauluka. Ndi bwino kupatula matumba angapo pokolola pomwepo, kapena kuika gawo la mwanayo ku banki m'khonde. A kuchimuna ndi a kuchikazi akhale pansi agawane mtolo, amalume asangomva mwana ali kale pa depoti. Ngati zavutadi, ifikitseni nkhaniyo ku mphakati. Pamaliro timasonkha msanga, ndipo palibe chotiletsa kusonkheranso wamoyo.

Amene sanasankhidwe asataye mtima. Ku NRC kuli madipuloma a zaulimi, ndipo wadipuloma atagwirako ntchito amatha kufunsira malo a digiri ngati wophunzira wachikulire. LUANAR ilinso ndi maphunziro a patali, omwe munthu amaphunzira ali kwawo n'kumapita kusukulu pa nthawi zoikika. Alangizi ena amene amakuyenderani m'minda anayambira pa dipuloma yomweyi, ndipo ndi anthu oyenera kuwafunsa akabwera ku kalabu yanu.