KODI KUGAWA MAU KUMAWAONONGA?

Funso lathu la lero lacokera ku Katondwe, m'boma la Luangwa, limene akulu alidziwa ndi dzina lakale la Feira. Kumeneko anthu a mpingo wina anasonkha ndalama nagula cokuzira mau cimene ati ampulifaya, ndipo afuna kulumikizako masipika anai kuti okhala panja amvenso. Ena ati kugawa mau kotere kuwaononga, ena ati palibe kanthu. Anyamata naonso afunsa za kawaya kamphanda kamene kalola anthu awiri kumvera foni imodzi, ndi za swichi yosankhira sipika. Tsono coona ndi citi?

Makolo athu analibe bvuto ili. M'caka ca 1949 inafika wailesi ya Saucepan Special, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, mtengo wace mapaundi 5. Anthu ankaiika pampando pabwalo, mudzi wonse nuizinga kumvera mau a ku Lusaka. Lero tifuna kuti mau atitsate kumene takhala, ndipo cifukwa cace mawaya acuruka.

Coyamba kudziwa ndi ici: m'waya simuyenda mau, muyenda magetsi amene sipika iwasandutsa mau. Kamphanda ndi swichi zilibe nzeru m'kati mwace, ndi tizidutswa ta mkuwa togundana basi. Ngati mkuwawo uli woyera ndi wogwirana bwino, magetsi apita monga anadzera, ndipo khutu la munthu silingathe kuzindikira kuti panali kamphanda. Bvuto likabuka, licokera ku zinthu zitatu: katundu amene mwasenzetsa ampulifaya, dzimbiri, ndi kutalika kwa waya.

Za katundu tifotokoze bwino, pakuti apa ndipo patayika ndalama. Sipika iri yonse ikaniza magetsi pang'ono, ndipo kukaniza kumeneku akuyesa ndi muyeso wa ohm, dzina locokera kwa Georg Ohm wa ku Germany, amene anafotokoza lamulo lace m'caka ca 1827. Masipika ambiri ali ndi ma ohm 8. Mukalumikiza awiri pa mphanda imodzi, kukaniza kuja kutsika kufika pa 4. Mukalumikiza anai, kufika pa 2. Ganizani za dziwe la m'dimba: mukatsegula ngalande imodzi madzi aturuka pang'ono, koma mukatsegula zinai aturuka ambiri, ndipo wotunga alema. Comweconso ampulifaya. Ikakokedwa kopitirira mphamvu yace itentha, mau ayamba kusasa, ndipo potsiriza ingathe kupsa, makamaka m'mwezi wa October pamene cigwa ca Luangwa citentha ngati ng'anjo. Yang'anani kumbuyo kwace: opanga alembapo ma ohm ocepetsetsa amene ingapirire. Ngati palembedwa 4, masipika awiri a ma ohm 8 akwanira pa khomo limodzi, acitatu ai.

Anyamata a foni asade nkhawa. Zomvera za m'makutu ziwiri pa kamphanda siziononga foni. Mau angocepa pang'ono, ndipo ngati ziri za mitundu yosiyana, wina amva kwambiri kuposa mnzace. Koma musatembenuze kamphanda kuti mulowetse mau a foni ziwiri, kapena a ampulifaya ziwiri, mu sipika imodzi. Pamenepo makina akankhana okhaokha, ndipo ena aonongeka.

Caciwiri ndi dzimbiri. Fumbi la cilimwe ndi cinyontho ca dzinja zikhala pa mkuwa wa swichi ndi pa mapulagi. Mukamva kuthetheka, kapena mau a mbali imodzi akuduka, musathamangire kunena kuti ampulifaya yafa. Zimani magetsi, pukutani pulagi ndi kansaru konyowetsa ndi sipiriti, ndipo yendetsani swichi kangapo. Kawirikawiri mau abwerera.

Cacitatu ndi waya. Waya wocepa thupi ndi wautali adya mphamvu ina isanafike ku sipika. Gulani wonenepa, mufupikitse njira yace. Kumene masipika ali ambiri ndi otalikirana, monga pa sukulu kapena pa cipatala, amisiri agwiritsa nchito ampulifaya ya mavoti 100, sipika iri yonse ndi thiransifoma yace. Imeneyi ndiyo njira yoyenera nyumba yaikuru.

Kwa abale a ku Katondwe tinena kuti: gawani mau, koma muwerenge ma ohm poyamba, ndipo mutsitse mau musanakhudze swichi. Wogulitsa akakuuzani kuti kamphanda ka mtengo wapatali kakometsa nyimbo, yesani cotere: mnzanu atseke maso, inu muyimbitse nyimbo imodzi ndi kamphanda, kenaka popanda kamphanda, kasanu kapena kakhumi. Akalephera kusiyanitsa, sungani ndalama zanu mugulire waya wabwino. Tsalani bwino nonse.