Mabakiteriya Obiriwira a Sulufule ndi Luso Lawo Lokola Kuwala

Alangizi amene amayendera maiwe a nsomba ndi minda ya mpunga m'nyengo yotentha amalidziwa fungo la dzira lowola limene limatuluka phazi likatitimira m'matope akuda. Fungoli ndi la mpweya wa sulufule wotchedwa hydrogen sulphide, umene umapangika pamene zinyalala zikuwola m'malo opanda okosijeni. Ukachuluka umawononga mizu ya mpunga ndiponso umapha nsomba. Komabe zilipo zamoyo zina zimene zimadalira mpweya womwewo, ndipo mwa izo muli mabakiteriya obiriwira a sulufule, a m'banja la Chlorobiaceae.

Monga mbewu za kumunda, mabakiteriyawa amapanga chakudya chawo pogwiritsa ntchito kuwala ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi. Kusiyana kwake nkwakuti chimanga chimaswa madzi ndi kutulutsa okosijeni, pamene iwo amaswa hydrogen sulphide ndi kusiya timibulu ta sulufule kunja kwa selo. Okosijeni ndi mdani wawo. Motero sangakhale pamwamba pa madzi pomwe dzuwa lili lambiri. Amakhala pansi, pamene okosijeni wathera, ndipo kuwala kofika kumeneko ndi kotsalira, kumene madzi ndi ndere za pamwamba zakusefa kale. Moyo wawo wonse wagona pa kukola kuwala kochepako.

Utoto umene umakola kuwala

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo kutalika kwa funde kumayezedwa m'mananomita. Nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Utoto wobiriwira wa m'masamba, chlorophyll a ndi b, pamodzi ndi utoto wina wothandizira, umagwira ntchito ndi kuwala kwa pakati pa mananomita 400 ndi 700. Kupitirira apo tsamba limangokulola kuwalako kudutsa kapena kukubweza.

Mabakiteriya obiriwira a sulufule ali ndi utoto wawowawo: bacteriochlorophyll c, d ndi e. Utotowu ukaunjikana m'selo umakola kwambiri kuwala kwa pakati pa mananomita 710 ndi 760, kumene ndere sizikufuna. Mitundu yokhala ndi c kapena d imaoneka yobiriwira ndithu. Ina ili ndi e pamodzi ndi utoto wachikasu wotchedwa isorenieratene, ndipo imaoneka yofiirira ngati dothi ngakhale dzina la banja lawo likunena za kubiriwira. Yofiirirayi imapezeka pakuya kwambiri, chifukwa imakolanso kuwala kwa mtundu wa buluu ndi wobiriwira, kumene kumalowa patali m'madzi oyera.

Chodabwitsa chachikulu si utotowo ayi, koma m'mene wasanjidwira. M'chaka cha 1964 Germaine Cohen-Bazire ndi anzake anaona timatumba tating'ono tomatirira m'kati mwa khungu la selo, timene pambuyo pake tinatchedwa chlorosome. Kathumba kamodzi nkotalika mananomita 100 mpaka 200, koma kamatha kusunga mamolekyu a utoto okwana 200,000, ndipo selo imodzi imakhala ndi timatumba pafupifupi 200. M'tsamba la chimanga molekyu iliyonse ya chlorophyll imagwiridwa pamalo pake ndi puloteni, monga momwe phaso limagwirira udzu pa denga. Mu chlorosome mulibe phaso lotere. Mamolekyu amagwirana okhaokha, nasanjikizana m'mizere yopindika ngati timachubu. Phindu lake ndi loonekeratu: kupanga puloteni kumadya mphamvu ndi nayitirojeni wambiri, ndipo chamoyo chimene chimapeza kuwala kochepa sichingakwanitse mtengo umenewo.

Njira ya mphamvu

Kukola kuwala ndi chiyambi chabe. Mphamvu iyenera kufika pa malo amodzi otchedwa reaction centre, pamene imasandulika ntchito yopanga chakudya. Zili ngati denga lalikulu lokololera madzi a mvula m'dera louma: denga likakula, ngakhale mvula yowaza imadzaza mgolo, malinga ngati ngalande zake sizikudontha. Mu mbewu, reaction centre imodzi imatumikiridwa ndi mamolekyu a chlorophyll 200 kapena 300. Mu mabakiteriyawa imatumikiridwa ndi mamolekyu zikwi zingapo.

Ngalandezo zilipo ziwiri. Kuchokera mu chlorosome mphamvu imatsikira ku tsinde la kathumbako, kumene kuli bacteriochlorophyll a wokola kuwala kwa mananomita 795. Kenaka imadutsa mu puloteni yotchedwa FMO, ndi kukafika ku reaction centre, imene imakola pa mananomita 840. Funde likamatalika mphamvu yake imachepa, kotero ulendo wonsewo ndi wotsetsereka, ndipo mphamvu siibwerera m'mbuyo kawirikawiri.

Dzina la FMO likuimira anthu atatu. John Olson anaipeza puloteniyi m'chaka cha 1962, ndipo Roger Fenna ndi Brian Matthews anaonetsa kapangidwe kake mu 1975. Inali puloteni yoyamba yonyamula utoto wa mtundu wa chlorophyll imene kapangidwe kake kanadziwika molekyu ndi molekyu. Mu 2007 ofufuza a ku Berkeley, m'dziko la United States, anafalitsa zoti mphamvu imadutsa mu FMO ngati funde loyesa njira zingapo nthawi imodzi. Nkhaniyi inamveka kutali, mwinanso kuposa muyeso wake. Kafukufuku wa zaka zotsatira anaonetsa kuti zambiri mwa zizindikirozo zinkachokera ku kunjenjemera kwa mamolekyu enieniwo.

Kumene amapezeka

M'nyanja ya Black Sea muli mtundu wofiirira umene umakhala pakuya pafupifupi mamita 100, pamene kuwala sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100,000 a kuwala kwa pamwamba. Umakula pang'onopang'ono kwambiri mwakuti pamapita zaka kuti chiwerengero chawo chiwirikize kawiri. Mu 2005 Thomas Beatty ndi anzake analengeza za mtundu wina umene anaupeza pa kasupe wotentha wa pansi pa nyanja ya Pacific, kufupi ndi Mexico, pakuya mamita pafupifupi 2,400. Dzuwa silifika kumeneko. Kuwala kokha kumene kulipo ndi kung'anima kofooka kochokera ku madzi otenthawo. Kuno ku Africa, m'chigawo cha Kabuno cha nyanja ya Kivu, m'dziko la Democratic Republic of Congo, muli mtundu wa Chlorobium umene umagwiritsa ntchito chitsulo chosungunuka m'madzi m'malo mwa sulufule.

Zimene zikukhudza munda

Munda wa chimanga chosakaniza ndi nyemba uli ndi vuto lofanana ndi la nyanja. Masamba a pamwamba amalandira dzuwa lambiri masana, ndipo mu mbewu monga nyemba, soya ndi mpunga, gawo lalikulu la dzuwa limenelo limangotayika ngati kutentha. Pansi pamatsala kuwala kochepa, kochuluka mafunde opitirira mananomita 700. Mbewu zimakuzindikira kuwala kumeneku ngati chizindikiro cha mthunzi, ndiye chifukwa chake mbande zothithikana zimatalika ndi kuwonda. Mu 2011 Min Chen ndi Robert Blankenship anawerengera kuti mbewu itati izikola kuwala mpaka mananomita 750, kuwala kogwiritsika ntchito kungawonjezeke ndi magawo 19 pa 100 alionse.

Nanga bwanji osasamutsira chlorosome mu nyemba? Chopinga ndi okosijeni. Chlorosome ikakumana ndi okosijeni imazimitsa mphamvu imene yakola, pofuna kuteteza selo, pamene tsamba ndi malo opangira okosijeni tsiku lonse. Ndiye chifukwa chake ofufuza ambiri amayang'ana kwa chlorophyll d ndi f, utoto wa mabakiteriya ena amene amatulutsa okosijeni monga mbewu. Mpaka lero palibe mbewu ya m'manja mwa alimi imene ili ndi utoto woterewu. Mthunzi wa m'munda ukulamulidwabe ndi kutalikirana kwa mapando ndi nthawi yobzala. Alangizi adziwenso kuti mankhwala amadzimadzi ogulitsidwa ndi dzina la photosynthetic bacteria kawirikawiri amakhala a mtundu wina, monga Rhodopseudomonas palustris, osati awa a sulufule.

Wofuna kuwaonetsa kwa alimi kapena ana a sukulu sasowa makina. Atenge matope akuda a m'dambo, awasakanize ndi yolk ya dzira ndi tizidutswa ta nyuzipepala, adzaze botolo loonekera m'kati kupitirira theka, athire madzi a m'dambo lomwelo, natseke. Aliike pafupi ndi zenera, posafika dzuwa lowomba mwachindunji. Njirayi imatchedwa ndi dzina la Sergei Winogradsky, katswiri wa tizilombo ta m'nthaka. Pakapita masabata 6 kapena 8, m'mbali mwa botolo mumaoneka mizere ya mitundu: ndere pamwamba, mzere wofiira motuwira pakati, ndipo pansi pake, moyandikana ndi matope akuda, madontho obiriwira a Chlorobium.