Utomoni umene tikuwotchawu ndi chuma

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yokonzanso zotsala popanga ndege, amaganiza kuti ndimasungunula zitsulo. Komatu theka la kulemera kwa Boeing 787 si chitsulo, ndipo pa Airbus A350 zimapitirira theka pang'ono. Zambiri ndi ulusi wakuda wa kaboni, wopyapyala kuposa tsitsi, womatidwa ndi utomoni wa epoxy. Mphamvu ili mu ulusimo. Utomoni umaugwira kuti usabalalike.

Vuto lagona pa utomoniwo. Ukauma uli ngati njerwa yowotcha: muiviike m'madzi chaka chonse, sidzabwerera kukhala dothi. Susungunuka monga amachitira mabotolo apulasitiki. N'chifukwa chake zidutswa zambiri za m'mafakitale zakhala zikungokwiriridwa.

Njira yopulumutsira ulusi imene yafala ndi youika zidutswazo m'ng'anjo yopanda okosijeni, pa madigiri pafupifupi 500. Utomoni umasanduka gasi, ulusi n'kutsala. Mu 2018 kampani ya Boeing inagwirizana ndi ELG Carbon Fibre ya ku Britain kuti izitenga zotsala zake n'kumazichita zimenezi. Ulusiwo umatuluka uli waufupiufupi, moti phiko la ndege sungapangenso, koma zida za galimoto ndi zikuto za malaputopu umapanga bwinobwino. Phindu lilipo, poti ulusi watsopano umadya magetsi ochuluka, ndipo popanga pamafunika kutentha kopitirira madigiri 1,000.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a chidutswa chilichonse ndi utomoni, ndipo timangouwotcha. Unachokera ku mafuta apansi, anthu n'kuuyenga ndi ndalama zambiri. Tiutayirenji?

Mu 2023 akatswiri a pa yunivesite ya Aarhus ku Denmark anasonyeza kuti n'zotheka kuupulumutsa. Anaviika chidutswa cha phiko la makina opanga magetsi ndi mphepo m'mankhwala okhala ndi chitsulo chotchedwa ruthenium. Mankhwalawo anadula timfundo tomanga utomoni, osawononga ulusi, ndipo munatuluka bisphenol A, chimodzi mwa zopangira epoxy watsopano. Ruthenium ndi yodula, komanso zimene zatheka mu labotale zimavuta kuzichita pa matani ambiri. Koma tsopano tikudziwa kuti mfundozo zimamasuka.

Ine maganizo anga ali pa opanga. Mu 2021 kampani ya Siemens Gamesa inatulutsa mapiko a makina amphepo okhala ndi utomoni womasuka mu asidi wofooka akamutenthetsa. Za ndege n'zovutirapo, chifukwa utomoni watsopano uliwonse uyenera kuyesedwa zaka zambiri asanauvomereze kunyamula anthu. Ndege zimene zikupangidwa lero zidzauluka zaka 20 kapena 30, choncho kuyesako kuyenera kufulumira panopa.